Ndinalembetsa kampani koma wina watengera dzina la sopo wanga, kodi lamulo linditeteza?

Funso, lochokera kwa mayi wina wochita bizinesi: "Ndimapanga sopo ndi mafuta odzola, ndipo ndakhala ndikugulitsa kwa zaka zingapo ndi dzina limene ndinaliganiza ndekha. Kampani ndinalembetsa, satifiketi ndili nayo, tsamba la pa Facebook liliponso. Posachedwapa ndaona munthu wina akugulitsa sopo wa dzina lofanana kwambiri ndi langa, wangosintha chilembo chimodzi, moti makasitomala ena ayamba kundifunsa ngati ndi wanga. Mnzanga akuti ndikalembetse dzinalo ngati chizindikiro cha malonda. Kodi satifiketi ya kampani siyokwanira? Nanga kulembetsako kumayenda bwanji?"

Mayi, mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo nkhaniyi musaigonere. Satifiketi ya kampani siyokwanira. Imangochitira umboni kuti kampani yanu ilipo pamaso pa lamulo, kuti ingathe kutsegula akaunti kubanki, kusaina mapangano, kukhoma msonkho, kusumira ena kapena kusumiridwa. Wolembetsa makampani amangoyang'ana ngati m'buku lake mulibe kampani ina ya dzina lomwelo. Dzina limene lili pa lebulo ya sopo wanu iye alibe nalo ntchito. Chizindikiro cha malonda, chimene pa mafomu ambiri mudzachipeza chitalembedwa kuti trademark, chili ndi lamulo lake ndi kaundula wake. M'mayiko ena maofesi awiriwa ali m'nyumba imodzi, ndipo izi n'zimene zimasokoneza anthu ambiri, amatuluka ndi pepala limodzi n'kuganiza kuti zonse atha. Tsamba la pa Facebook ndi dzina la webusaiti nazonso sizikupatsani umwini wa dzina. Zimangosonyeza kuti inu ndinu munayamba kulitenga pa malo amenewo.

Kulembetsa kumakupatsani chinthu chimodzi chachikulu: mphamvu yoletsa wina aliyense kugwiritsa ntchito chizindikiro chanu, kapena chofanana nacho mosokoneza, pa katundu wofanana kapena woyandikana ndi wanu, m'dziko limene mwalembetsamo. Mawu akuti "mosokoneza" ndi amene akukhudza nkhani yanu. Makhoti sayika malebulo awiri patebulo n'kumawerenga chilembo ndi chilembo. Amaganizira wogula wamba, amene anaona sopo wanu mwezi watha, dzina akulikumbukira mwa apo ndi apo, ndipo lero wapeza wina pashelefu. Amafunsa ngati mayina awiriwo akufanana pa maonekedwe, pa kamvekedwe munthu akamawatchula, ndi pa tanthauzo. Kusintha chilembo chimodzi pa sopo yemweyo, wogulitsidwa kwa anthu omwewo, kawirikawiri sikupulumutsa wotengerayo.

Kodi ndiye kuti panopa mulibiretu chitetezo? Zimadalira dziko. Mayiko amene malamulo awo anachokera ku England amalola munthu kusumira wina amene akunamizira kuti katundu wake ndi wanu, ngakhale simunalembetse. Koma mlandu wotero ndi wolemetsa. Muyenera kutsimikizira khoti kuti dzina lanu ndi lodziwika kwa ogula, kuti winayo akuwasocheretsa, komanso kuti inu mwaluzapo kapena muluzapo. Zonsezi zimafuna mboni, malisiti, nthawi ndi ndalama za loya. Mwini satifiketi ya chizindikiro sayamba ndi kutsimikizira kuti ndi wodziwika, amangoonetsa pepala lake n'kulowa pa nkhani ya kufanana. Ndipo m'mayiko ambiri lamulo limakondera amene wayamba kupereka fomu, osati amene anayamba kugulitsa. Apa ndi pamene ndikuderani nkhawa kwambiri. Munthu amene watengera dzina lanuyo akhoza kukalembetsa mawa, kenako n'kukutumizirani kalata yoti inuyo musiye. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera anthu a mabizinesi ang'onoang'ono okha. Kampani ya Burger King itafuna kulowa ku Australia inapeza kuti dzinalo linalembetsedwa kale ndi malo ena ogulitsa zakudya ku Adelaide, ndiye mu 1971 inatsegula ndi dzina lakuti Hungry Jack's, limene likugwirabe ntchito kumeneko mpaka lero. Mu 2012 Apple inalipira kampani ya Proview madola 60 miliyoni a ku America kuti ithetse mkangano wa dzina lakuti iPad ku China. Makampani amenewa anali ndi ndalama zodziwombolera. Inu ndi ine tikagwa m'vuto lotero timangotaya malebulo, mabotolo ndi mbiri imene tinaivutikira.

Musanalembe fomu iliyonse, yambani mwafufuza. Ofesi yolembetsa zizindikiro m'dziko lanu ili ndi kaundula, ndipo mukhoza kupempha kuti akufufuzireni, kapena kufufuza nokha ngati kaundulayo ali pa intaneti. WIPO, bungwe la United Nations loona za zizindikiro za malonda ndi zina zotero, limene likulu lake lili ku Geneva, lili ndi tsamba lofufuzirapo zizindikiro lotchedwa Global Brand Database, ndipo palinso lina lotchedwa TMview, zonse zaulere. Koma si mayiko onse amene zolemba zawo zimapezeka mokwanira m'menemo, choncho kufufuza ku ofesi ya kwanu musakudumphe. Pofufuza musangolemba dzina lanu ndendende. Yesani malembedwe ena omveka chimodzimodzi, lidulenidule, lilumikizeni, ndipo mulembenso dzina la wopikisana nanu uja kuti muone ngati wapereka kale fomu. Zotsatira za kufufuzaku n'zimene zikuuzeni ngati muli pa mpikisano wothamangira ku ofesi kapena muli kale pa mkangano.

Tsopano funso limene anthu ambiri safuna kulimva: kodi dzina lanulo n'lotheka kulembetsedwa? Simunanditchulire, choncho liyezeni nokha. Lamulo silimapereka kwa munthu mmodzi mawu amene aliyense wogulitsa katundu wotero akuwafuna. Dzina longa "Sopo Wabwino" kapena "Mafuta Osalalitsa Khungu" likungofotokoza katundu, ndipo ofesi idzalikana, chifukwa opanga sopo ena nawonso ali ndi ufulu wonena kuti wawo ndi wabwino. Mayina amphamvu ndi a mitundu iwiri. Pali ongopeka, amene analibe tanthauzo lililonse asanabadwe, monga Kodak limene George Eastman analipanga mu 1888. Palinso mawu odziwika oikidwa pa katundu amene sakugwirizana nawo, monga Apple pa makompyuta. Wogulitsa zipatso sangalembetse mawu amenewo pa zipatso zake, koma pa kompyuta ndi dzina lolimba. Pakati pali mayina ongokodola, osanena mwachindunji, ndipo ambiri a iwo amadutsa. Ndaona kuti eni mabizinesi amakonda dzina lofotokoza chifukwa limawapeputsira ntchito yotsatsa, koma dzina limene lakupeputsirani kutsatsa ndi lomwelo limene lidzakuvuteni kuliteteza. Dzina lofotokoza nthawi zina limavomerezedwa mukasonyeza kuti mwaligwiritsa ntchito nthawi yaitali mpaka ogula akalimva amaganiza za inu nokha, koma umboni wake ndi wovuta.

Pali zina zimene zimakanidwa mosatengera kanthu: dzina lonamiza ogula za chimene chili m'katundu kapena kumene wachokera, mawu otukwana, ndiponso mbendera ndi zizindikiro za maboma, zimene Pangano la Paris la 1883 linaziteteza. Ngati pa lebulo yanu pali mbendera, ichotseni pa chimene mukalembetse.

Mukalembetse chiyani kwenikweni, dzina kapena logo? Ngati ndalama zikulola fomu imodzi yokha ndipo dzina lanu ndi lamphamvu, ine ndimalangiza dzina, lolembedwa m'zilembo wamba. Likatero limatetezedwa kaya mwalilemba mofiira, mopendeka kapena mwalizunguliza maluwa. Logo imasintha, lero mwaikonda, patapita zaka zisanu mwaikonzanso, ndipo satifiketi imateteza chithunzi chimene munapereka chija. Koma ngati dzina ndi lofooka, kulilembetsa limodzi ndi logo kungathandize kuti fomu idutse, kungoti dziwani kuti chitetezo chake chimatsamira pa chithunzicho, osati pa mawuwo. Ndipo poti tatchula logo, amene anakujambulirani anakusainirani pepala lopereka umwini? M'mayiko ambiri wojambula amene si wantchito wanu amakhalabe mwini chojambulacho ngakhale munamulipira, pokhapokha atalemba kuti wakupatsani. Kapepala kameneka kapezeni panopa, mudakali pa ubale wabwino.

Chotsatira ndi magulu a katundu, ndipo apa ndi pamene mafomu ambiri amalakwika. Simulembetsa dzina pa chilichonse cha padziko. Mumalilembetsa pa katundu kapena ntchito zimene mwatchula. Mayiko ambiri amatsatira ndondomeko imene inakhazikitsidwa ndi pangano la ku Nice, ku France, mu 1957. Ili ndi magulu 45, ndipo 34 mwa iwo ndi a katundu, 11 ndi a ntchito. Sopo wosambira, mafuta odzola ndi mafuta onunkhira zili m'gulu 3. Koma sopo wamankhwala, wonga wopha tizilombo, ali m'gulu 5. Mukadzayamba kupanga makandulo, amenewo ndi a gulu 4, zovala ndi gulu 25, ndipo ntchito yoyendetsa sitolo yogulitsa katundu ili m'gulu 35. N'chifukwa chake dzina limodzi likhoza kukhala ndi eni awiri popanda kukangana: Dove ndi sopo wa Unilever, ndipo Dove ndi chokoleti cha kampani ya Mars. Palibe wogula amene angasokoneze ziwirizi. Mayina otchuka zedi okha ndi amene lamulo limawateteza kupitirira malire a katundu wawo.

Gulu lililonse limene mwawonjezera nthawi zambiri limabwera ndi malipiro ake, ndiye musankhe mwanzeru. Lembani zimene mukugulitsa lero ndi zimene mukutsimikiza kuti muyamba posachedwa. M'maofesi ambiri fomu ikaperekedwa mukhoza kuchotsapo katundu koma simungawonjezere, mumayenera kupereka fomu ina, ya tsiku latsopano. Komabe kudzaza magulu khumi pofuna kutchinga aliyense n'kutaya ndalama, pa chifukwa chimene ndifotokoze m'munsimu.

Ganiziraninso dzina la mwini pa fomuyo. Mukalemba kampani, chizindikiro ndi katundu wa kampani, ndipo ngati muli ndi mnzanu pa bizinesiyo nayenso ali ndi gawo. Kampani ikagwa ndi ngongole, chizindikiro chikhoza kugulitsidwa limodzi ndi katundu wina. Mukalemba dzina lanu, ndi chanu, ndipo kampani imachigwiritsa ntchito mwa chilolezo chanu, chimene ndi bwino chikhale cholembedwa. Njira zonse ziwiri n'zololedwa. Chimene chimabala milandu yowawa ndi pamene anthu awiri anayamba limodzi, mmodzi n'kukalembetsa mwakachetechete m'dzina lake.

Kayendedwe ka fomu n'kosavuta kumva. Mumapereka dzina ndi adiresi ya mwini, chizindikirocho, mndandanda wa katundu, ndi malipiro. Tsiku limene ofesi yalandira fomu ndi lofunika koposa, chifukwa mukadzavomerezedwa ufulu wanu m'mayiko ambiri umawerengedwa kuyambira tsiku limenelo, ndipo aliyense wobwera pambuyo ali kumbuyo kwanu. Ofesi imaunika fomuyo. Maofesi ena amaunikanso ngati pali chizindikiro chakale chofanana, ena amasiyira eni zizindikiro zakale kuti adandaule okha. Akapeza vuto amakulemberani kalata, ndipo kalata imeneyi si mapeto, mukhoza kuyankha, kuchepetsa katundu kapena kupereka umboni, bola musaphonye tsiku limene akupatsani. Mukadutsa, chizindikirocho chimalengezedwa m'gazeti kapena m'magazini ya ofesiyo kuti amene akutsutsa atsutse. Nthawi yotsutsira ndi yosiyana: ku United States ndi masiku 30, ku Britain miyezi iwiri, ku European Union miyezi itatu. Popanda wotsutsa, satifiketi imatuluka. Zonse pamodzi zimatenga miyezi ingapo, kwina kupitirira chaka.

Mukudikira, mukhoza kuika ™ pafupi ndi dzina lanu, kamene kamangouza anthu kuti mumalitenga dzinalo ngati chizindikiro chanu. Koma ® musaike mpaka satifiketi itatuluka. M'mayiko ena, monga Britain, kunamizira kuti chizindikiro n'cholembetsedwa ndi mlandu. Chenjeraninso ndi makalata amene amafika fomu ikangolengezedwa, ooneka ngati a boma, ofuna ndalama kuti akuikeni m'kaundula wina wake. Ambiri ndi a anthu amene angotola adiresi yanu m'gazeti. WIPO imachenjeza za makalata otere pa webusaiti yake. Musalipire musanafunse ofesi imene munaperekako fomu.

Satifiketi yanu imathera m'malire a dziko limene laipereka. Palibe satifiketi imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo amene angakulonjezeni yotero akukunamizani. Chimene chilipo ndi njira zofupikitsa ulendo. Pangano la Paris limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku la fomu yanu yoyamba kuti mukapereke m'mayiko ena a m'panganolo n'kuwerengedwa ngati munapereka tsiku loyamba lija. Ndondomeko ya Madrid, imene inakulitsidwa ndi pangano la 1989 ndipo imayendetsedwa ndi WIPO, imalola munthu wa m'dziko la membala kupereka fomu imodzi kudzera ku ofesi ya kwawo n'kusankha mwa mayiko oposa 130. Dziko lililonse limagamulabe lokha, ndipo kwa zaka zisanu zoyamba zonsezo zimadalira chizindikiro cha kwanu, chikagwa nazonso zimagwedezeka. Palinso maofesi a zigawo. EUIPO ya ku Alicante, ku Spain, imapereka chizindikiro chimodzi cha mayiko 27 a European Union. OAPI ya ku Yaoundé, ku Cameroon, imachita chimodzimodzi pa mayiko 17 a mu Africa. ARIPO ya ku Harare, kudzera m'pangano la Banjul la 1993, imakulolani kusankha mwa mayiko amene analowa m'panganolo, ndipo si mamembala onse a ARIPO amene analowamo. Kwa inu, malangizo anga ndi akuti muyambe ndi dziko limene mukugulitsa, kenako limene mukutumizako katundu kapena kumene mumapangitsa malebulo ndi mabotolo. Ena onse adikire.

Satifiketi ikafika musaitsekere m'kabati n'kuiwala. M'mayiko ambiri imakhala zaka khumi, ndipo pangano la zamalonda la pakati pa mayiko la TRIPS la 1994 limanena kuti isachepere zaka zisanu ndi ziwiri, koma mukhoza kuikonzanso mopanda malire. Apa chizindikiro chimasiyana ndi patenti, chitetezo cha chinthu chatsopano chimene munthu watulukira, imene imatha pakapita zaka 20. Chizindikiro chofiira cha makona atatu cha mowa wa Bass, choyamba kulembetsedwa ku Britain mu 1876, chidakali m'kaundula. Lembani tsiku lokonzanso pamalo amene simungaiwale, ndipo mukasintha adiresi muuze ofesi.

Chachiwiri, gwiritsani ntchito. Chizindikiro chimene chagona osagwira ntchito kwa zaka zitatu m'mayiko ena, kapena zisanu ku Britain ndi ku European Union, wina akhoza kupempha kuti chifufutidwe pa katundu amene sichikugwirapo ntchito. Ichi n'chifukwa chija ndinati magulu khumi n'kutaya ndalama. Ndipo kugwiritsa ntchito kokha sikokwanira, muyenera kutha kuonetsa umboni. Mu 2019 EUIPO inafufuta chizindikiro cha Big Mac kampani ya ku Ireland ya Supermac's itadandaula, chifukwa umboni umene McDonald's inapereka unaonedwa kuti ndi woperewera. Mlanduwo unapita ku apilo, McDonald's inabwezeredwa mbali yaikulu, koma mu 2024 khoti la European Union linagamula kuti pa zakudya za nkhuku kampaniyo sinatsimikizire kuti imagwiritsa ntchito dzinalo. Ngati kampani yotero ingapunthwe pa umboni, inu sungani malisiti okhala ndi dzina la sopo, zithunzi za katundu ali m'sitolo, ndi zotsatsa zokhala ndi madeti, chaka ndi chaka.

Chachitatu, ofesi si mlonda wanu. Singayende m'misika kukufunirani otengera. Ntchito imeneyo ndi yanu, kuphatikizapo kusuzumira m'gazeti kuti mutsutse fomu yofanana nthawi isanathe. Dzina likasiyidwa kuti aliyense azitchulira katundu yense wa mtundu umenewo limafa ngati chizindikiro, monga zinachitikira aspirin ku United States mu 1921 ndi escalator, dzina la masitepe oyenda okha, mu 1950, ngakhale vuto limeneli lidakali kutali ndi inu.

Tibwere kwa munthu amene akugulitsa sopo wa dzina lofanana uja. Mtima ungafune kumuyalutsa pa Facebook kapena kumuimbira foni lero lomwe. Musatero. Mukamuyalutsa akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo mukamuchenjeza musanapereke fomu mwamukumbutsa kuti athamangire ku ofesi. Choyamba gulani sopo wake, sungani lisiti, mujambule ndi deti. Mauthenga a makasitomala ofunsa ngati sopoyo ndi wanu musafufute ngakhale umodzi, chifukwa umboni woti anthu enieni asokonezeka ndi wamphamvu kuposa zonena za loya aliyense. Sonkhanitsaninso chilichonse chosonyeza tsiku limene munayamba kugulitsa ndi dzina lanu: malisiti oyambirira, oda ya malebulo oyamba, zolemba zakale za patsamba lanu.

Kufufuza kukasonyeza kuti iye sanalembetse, perekani fomu yanu mwamsanga, kenako mumulembere kalata yaulemu koma yomveka, yonena kuti dzinalo munayamba ndinu, fomu mwapereka, ndipo mukumupempha kuti asinthe pofika tsiku lakuti. Mikangano yambiri imathera pa kalata yotereyi, makamaka mukamupatsa nthawi yoti amalize katundu amene wapanga kale. Kalatayo ndi bwino ailembe kapena aione loya, chifukwa m'mayiko ena kuopseza munthu ndi mlandu wa chizindikiro popanda maziko kungakubwerereni. Kufufuza kukasonyeza kuti iye wapereka kale, musataye mtima koma musachedwe. Ngati nthawi yotsutsa sinathe, tsutsani. Ngati satifiketi yatuluka, malamulo ambiri amalola kupempha kuti ifufutidwe chifukwa inu munayamba kugwiritsa ntchito dzinalo, kapena chifukwa iye analembetsa mwachinyengo akudziwa kuti ndi lanu. Apa mufunika loya kapena wothandiza pa zolembetsa amene amagwira nkhani za zizindikiro tsiku ndi tsiku, osati aliyense amene ali ndi ofesi. Popita kwa iye mutenge umboni wonse uja, satifiketi ya kampani, ndi malebulo awiriwo, yanu ndi ya winayo, ndipo mumufunse poyamba pomwe tsiku lomaliza lotsutsira.